Bambo Charles-Michel de l'Épée (1712–1789), Tate wa Anthu Osamva

Chaka chilichonse, mwezi wa Novembala ukamapita kumapeto, magulu a anthu osamva m'dziko la France amakonza phwando lokumbukira kubadwa kwa wansembe wina amene adamwalira zaka zoposa 230 zapitazo. Mwambowu adauyamba mu 1834, ndipo zokamba za pa phwandolo zimayenda m'chinenero cha manja. Wansembeyo ndi Bambo Charles-Michel de l'Épée. Iwo ankamva ndi kulankhula bwinobwino. Sali m'gulu la oyera amene Mpingo udawalengeza, ndipo alibe tsiku lawo pa kalendala ya mapemphero. Komabe anthu osamva m'maiko ambiri amawatcha tate wawo, chifukwa ndiwo adatsegula sukulu yoyamba yaulere ya ana osamva, yolandira mwana wa wolemera ndi wa wosauka yemwe.

Mbiri yawo ikukhudzanso akhristu a kuno ku Mangochi. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti mwa Amalawi 100 alionse a zaka zisanu kupita m'mwamba, anthu 10 ali ndi ulumali wina wake, ndipo mwa amenewa pafupifupi mmodzi mwa anayi ali ndi vuto la kumva. Anthu amenewa ali m'tauni muno, ali ku Malindi, ku Namwera, ku Makanjira ndi m'madooko a ku Monkey Bay. Ena ndi ana a m'mabanja achikatolika. Funso limene lidasowetsa mtendere Bambo de l'Épée lidakalipobe: kodi munthu amene makutu ake samva, Mthenga Wabwino umufika bwanji?

Kubadwa ndi maitanidwe awo

Charles-Michel adabadwa mu Novembala 1712 ku Versailles, mzinda umene kunali nyumba yachifumu ya dziko la France. Bambo awo anali katswiri wa mapulani a nyumba, ndipo ankagwira ntchito kwa mfumu. Banjalo linali lopeza bwino, choncho mnyamatayo adaphunzira popanda chovuta. Akadali wachichepere adamva maitanidwe a unsembe ndipo adayamba maphunziro a zaumulungu.

Njira yake sidali yosalala. Masiku amenewo Mpingo wa ku France unali pa mkangano waukulu chifukwa cha chiphunzitso cha Jansenism, chimene chidatenga dzina kwa Cornelius Jansen, Episkopi wa ku Ypres. Chiphunzitsochi chinkaumitsa zinthu kwambiri: chinkachititsa anthu kuganiza kuti chipulumutso ndi cha owerengeka okha, ndipo ambiri ankaopa kulandira Ukaristia pafupipafupi. Papa Clement XI adachitsutsa mu 1713. Charles-Michel ankagwirizana ndi anthu a maganizo amenewa, ndipo atauzidwa kuti asaine chikalata chowakana, sadalole. Pa chifukwa chimenechi khomo la unsembe ku Paris lidatsekeka, ndipo iye adakaphunzira zamalamulo mpaka kukhala loya.

Mtima wake sudachoke pa guwa. Episkopi wa ku Troyes, Ambuye Jacques-Bénigne Bossuet, adamuitanira ku dayosizi yawo ndipo adamudzoza unsembe mu 1738. Bambo de l'Épée adatumikira pa kamudzi ka Feuges, kenaka adabwerera ku Paris. Kumeneko nkhani yakale ija idawatsatira, mpaka Arkiepiskopi adawalanda chilolezo cholalikira ndi chomvetsera machimo. Mpingo sudasinthe chiweruzo chake pa chiphunzitso chija, ndipo palibe chifukwa chobisira kuti pamenepa wansembeyu adali kumbali yolakwa. Chofunika kuchiona nchakuti sadatuluke mu Mpingo, sadayambitse gulu lawolawo, ndipo sadataye moyo wa mapemphero. Adafika zaka pafupifupi 50 ali wansembe wopanda parishi, wokhala m'nyumba ya makolo awo ndi kuthandiza osauka mwakachetechete. Anthu akadatha kunena kuti moyo wawo wapita pachabe. Koma ntchito imene Mulungu adawakonzera inali isanayambe.

Moyo wa anthu osamva masiku amenewo

Kwa zaka mazanamazana anthu ambiri ku Ulaya ankakhulupirira kuti munthu amene salankhula sangathenso kuganiza bwino. Malamulo akale a Aroma, amene Mfumu Justinian idawasonkhanitsa m'zaka za m'ma 500, sankalola munthu wobadwa wosamva ndi wosalankhula kulemba wilo ya chuma chake. Ngakhale m'tchalitchi zinthu sizinali bwino. Mawu a Paulo Woyera m'kalata yake kwa Aroma, onena za mmene chikhulupiriro chimabadwira munthu akalandira uthenga wolalikidwa, ena ankawamasulira ngati kuti amene makutu ake ndi otseka sangafike pa chikhulupiriro chenicheni. Ana ambiri osamva ankabatizidwa ali makanda, koma ankakula mpaka kukalamba osaphunzira katekisimu, osalapa ndiponso osalandira Ukaristia.

Panali ena amene adayesapo kuwaphunzitsa. M'zaka za m'ma 1500, Pedro Ponce de León, mmonke wa chipani cha Benedict Woyera ku Oña m'dziko la Spain, adaphunzitsa ana osamva kuwerenga, kulemba ndi kulankhula. Mu 1620 Juan Pablo Bonet adasindikiza buku losonyeza zilembo za alifabeti pa zala za dzanja limodzi. Francis de Sales Woyera adatenga mnyamata wosamva dzina lake Martin, nkumuphunzitsa za Mulungu ndi zizindikiro mpaka kulandira masakramenti, ndipo nchifukwa chake iye ndi nkhoswe ya anthu osamva. Koma kupatula zitsanzo zochepa ngati za Martin, mwayi unkagwera ana a mafumu ndi a anthu achuma, mwana mmodzi kapena awiri pa mphunzitsi mmodzi. Mwana wosamva wa mmphawi ankathera kopempha m'misewu, kapena m'nyumba zosungiramo odwala misala.

Atsikana awiri amapasa

Cha m'ma 1760, Bambo de l'Épée adalowa m'nyumba ina ya anthu osauka mu Paris ndipo adapezamo atsikana awiri amapasa. Atawalankhula, atsikanawo sadayankhe. Mayi awo ndiwo adafotokoza kuti anawo ndi osamva, ndiponso kuti wansembe wina, Bambo Vanin, ankawaphunzitsa za chipembedzo pogwiritsa ntchito zithunzi, koma adamwalira ndipo panalibe wina wolowa m'malo mwake. Bambo de l'Épée adaopa kuti anawo adzakhala ndi kufa osadziwa chikhulupiriro chimene adabatizidwiramo. Adavomera kuwaphunzitsa, ngakhale anali asanaphunzitsepo munthu wosamva chibadwire.

Chimene chidawasiyanitsa ndi aphunzitsi ena ndi chimene adachita poyamba: adayang'anitsitsa. Adaona kuti atsikanawo amacheza pakati pawo ndi manja, nkhope ndi thupi, amafunsana, amasekana, amakangana. Adazindikira kuti vuto silinali m'mutu mwa anawo. Anawo anali ndi chinenero, ndipo wosadziwa chinenerocho anali wansembe. Choncho munthu wophunzira zaumulungu ndi zamalamulo adakhala pansi nkuyamba kuphunzira kwa ana awiri osauka. Maganizo awo anali akuti zimene anthu ena amalandira kudzera m'makutu, ana osamva angathe kuzilandira kudzera m'maso, ndipo chizindikiro cha dzanja chingathe kunyamula tanthauzo monga momwe liwu la pakamwa limachitira.

Sukulu ya m'nyumba ya wansembe

Mbiri idamveka, ndipo makolo ena adayamba kubweretsa ana awo. Nyumba ya Bambo de l'Épée, mu msewu wa rue des Moulins pafupi ndi tchalitchi cha Saint-Roch, idasanduka sukulu. Sankalipiritsa. Chakudya, zovala ndi malo ogona a ana osauka zinkachokera m'chuma chimene makolo awo adawasiyira. Ana ochokera kutali ankagona m'nyumba zina zapafupi zimene wansembeyo ankalipira. Pofika m'zaka za m'ma 1780 ophunzira adapitirira 60, anyamata ndi atsikana.

Kusonkhanitsa ana osamva ambiri pamalo amodzi kudabala chipatso chimene ngakhale mwini sukuluyo sadachiyembekezere mokwanira. Mwana amene kwawo anali yekhayekha, wongolozeredwa mbale ya chakudya ndi chala, adapeza anzake ocheza nawo tsiku lonse. Zizindikiro za uyu zidakumana ndi za uyo, ndipo chinenero chidakula. Akuluakulu ankaphunzitsa achichepere pa bwalo lamasewera ndi kogona. Kuchokera m'sukulu imeneyi mudatuluka aphunzitsi, amisiri ndi olemba mabuku osamva.

Mmene ankaphunzitsira

Bambo de l'Épée ankayamba ndi chinthu chooneka. Ankasonyeza mwana chinthucho, nkupanga chizindikiro chake, kenaka nkulemba dzina lake pa bolodi, kuti mwanayo amange pamodzi zinthu zitatuzo. Zilembo za pa zala ankazigwiritsa ntchito potchula maina. Pofuna kuti ana adziwe kulemba Chifalansa cholongosoka, adawonjezera zizindikiro zawozawo zosonyeza malamulo a chinenerocho. Kuponya dzanja kumbuyo kwa phewa kunkasonyeza kuti zinthu zidachitika kale. Kugwira chipewa kunkaimira liwu lachimuna, ndipo kuloza pamene pankathera duku la amayi kunkaimira liwu lachikazi.

Zinthu zosaoneka ndi maso ankazigawa m'zidutswa. Pophunzitsa liwu loti kukhulupirira, ankasonyeza kuvomera kwa nzeru pogwira pamphumi, kuvomera kwa mtima pogwira pachifuwa, kuvomera kwa pakamwa pogwira milomo, kenaka nkusonyeza kuti maso sadaone. Mkatekisti aliyense angathe kuona kuti m'zizindikiro zinayi zimenezi muli phunziro lathunthu la chikhulupiriro. Mwa njira yotere ana amene anthu ankati sangamvetse za Mulungu adakonzekera kulapa ndi kulandira Ukaristia.

Njirayi inali ndi zofooka zake. Zizindikiro zowonjezera zija zinali zambiri ndi zolemetsa, moti chiganizo chachifupi chinkatenga nthawi yaitali. Ana akatuluka m'kalasi ankabwerera ku chinenero chawo chachibadwa, chimene chinali chachangu ndi chomveka. Ndi kulakwa kunena kuti Bambo de l'Épée ndiwo adapanga chinenero cha manja. Mu 1779 Pierre Desloges, munthu wosamva wogwira ntchito yomata mabuku, adasindikiza buku lofotokoza kuti anthu osamva a mu Paris anali ndi chinenero chawo kale, ndipo ankakambirana nkhani zamitundumitundu popanda kupita ku sukulu. M'buku lomwelo adateteza ntchito ya wansembeyu kwa amene ankainyoza. Pambuyo pake mphunzitsi wina wa pa sukuluyo, Auguste Bébian, adalimbikitsa kuti ana aziphunzitsidwa m'chinenero chawo chenicheni. Ulemu wa Bambo de l'Épée uli pakuti adavomereza manja kukhala njira yoyenera ya maphunziro ndi ya chikhulupiriro, pa nthawi imene ophunzira ambiri ankawayesa masewera a anyani.

Nzeru yosabisa

Aphunzitsi ena a ana osamva masiku amenewo ankasunga njira zawo ngati mankhwala a kubanja. Jacob Rodrigues Pereire ku France ndi Thomas Braidwood ku Edinburgh ankaphunzitsa ana kulankhula ndi pakamwa, ndipo sankaulula kwa aliyense mmene ankachitira. Samuel Heinicke, amene adatsegula sukulu ku Leipzig mu 1778, adalemberana makalata otsutsana ndi Bambo de l'Épée, iye akulimbikira kuti mwana wosamva aphunzire ndi mawu apakamwa.

Bambo de l'Épée adachita zosiyana. Kuyambira mu 1771 ankaitana anthu kudzaonerera ana akuyankha mafunso a katekisimu ndi a maphunziro ena polemba ndi pogwiritsa ntchito manja. Kunkabwera maepiskopi, akazembe ndi anthu ophunzira. Cholinga chinali choti amene ankakayika adzionere okha kuti ana amenewa ali ndi nzeru zonse. Njira yawo adailemba m'mabuku awiri, lina mu 1776 ndi lina mu 1784, kuti aliyense wofuna ayigwiritse ntchito. Adayambanso kulemba dikishonale ya zizindikiro, koma imfa idawapeza asanaimalize.

Mu 1777 Mfumu yaikulu Joseph II ya ku Austria idakaona sukuluyo, ndipo idatumiza wansembe, Friedrich Stork, kukaphunzira. Sukulu ya ku Vienna idatsegulidwa mu 1779. Bambo Roch-Ambroise Sicard adaphunzira kwa iwo nkukatsogolera sukulu ya ku Bordeaux. Henri Daniel Guyot, mbusa wa mpingo wachiprotestanti, adalandiridwa chimodzimodzi, ndipo mu 1790 adatsegula sukulu ku Groningen m'dziko la Netherlands. Wansembeyu sankafunsa mpingo wa munthu asanamuphunzitse. Pofika nthawi ya imfa yawo, ophunzira awo anali atatsegula masukulu pafupifupi 20 m'maiko a ku Ulaya.

Mlandu wa mnyamata Joseph

Mu 1773 anthu adatola mnyamata wosamva ali yekha pa msewu m'chigawo cha Picardie, wausiwa ndi wanjala. Palibe ankadziwa dzina lake kapena kwawo. Adamutumiza ku Paris, kumene adasungidwa m'chipatala cha anthu osowa pogwira. Bambo de l'Épée adakumana naye mu 1776 ndipo adamutenga ku sukulu kwawo. Mnyamatayo, amene ankatchedwa Joseph, adafotokoza ndi manja kuti adakulira m'nyumba yabwino, ndipo munthu wina adamutengera kutali nkumusiya dala. Atafufuza, wansembeyo adakhulupirira kuti Joseph ndi mwana wa banja lolemekezeka la Solar la ku Toulouse, amene anthu adalengeza kuti adamwalira.

Apa maphunziro awo a zamalamulo adagwira ntchito. Mlandu udapita ku bwalo, ndipo udatenga zaka. Mu 1781 bwalo lidavomereza kuti Joseph ndi mwana wa banja la Solar, koma lidamasula munthu wotchedwa Cazeaux amene ankaganiziridwa kuti ndiye adamutaya, ndipo anali atakhala kale m'ndende. Mu 1792, wansembeyo atamwalira, bwalo lina lidasintha chigamulocho ndipo Joseph adalandidwa dzinalo. Akatswiri a mbiri yakale amasiyana maganizo ngati mnyamatayo analidi wa banja limenelo. Chimene chidatsala pa mlanduwu nchakuti oweruza adakakamizika kulandira umboni wa mwana wosamva, wopereka ndi manja kudzera mwa womasulira, ngati umboni wa munthu wina aliyense.

Masiku awo omaliza

Mfumu Louis XVI idaika sukuluyo pansi pa chitetezo chake, komabe mtolo waukulu udatsala pa mapewa a Bambo de l'Épée. Chuma chawo chidathera pa ana. Nkhani imene imasimbidwa kawirikawiri ndi ya nyengo yozizira koopsa ya mu 1788, pamene nkhalambayo inkakana kugula nkhuni zootha m'chipinda chake kuti ndalama zisaperewere pa chakudya cha ophunzira, mpaka anawo adachita kuidandaulira.

Adamwalira pa 23 Disembala 1789 ali ndi zaka 77, dziko la France lili pa chipwirikiti cha kusintha kwa boma. Adaikidwa m'tchalitchi cha Saint-Roch. Mu Julayi 1791 Nyumba ya Malamulo ya dzikolo idalengeza kuti dzina lawo liwerengedwe pakati pa nzika zimene zidachitira zabwino mtundu wa anthu, ndipo boma lidatenga udindo wolipirira sukuluyo. Bambo Sicard ndiwo adalowa m'malo mwawo. Mu 1794 sukuluyo idasamukira mu msewu wa rue Saint-Jacques, kumene ikuphunzitsabe ana osamva mpaka lero. Pabwalo pake pali chiboliboli cha Bambo de l'Épée chosemedwa ndi Félix Martin, mmisiri wosamva.

Mbewu idafika kutali

Mu 1815 Thomas Hopkins Gallaudet wa ku America adapita ku Britain kukafuna njira yophunzitsira ana osamva, koma a banja la Braidwood adamuikira mfundo zovuta. Ku Paris adamulandira ndi manja awiri, potsata mwambo wa woyambitsa sukuluyo. Adabwerera kwawo ndi Laurent Clerc, mphunzitsi wosamva amene adakulira pa sukulu ya ku Paris, ndipo mu 1817 adatsegula sukulu ku Hartford. Kuchokera pa muzu umenewu mudaphuka koleji ya anthu osamva ya ku Washington mu 1864, imene lero ndi Gallaudet University. Mmodzi mwa omaliza maphunziro kumeneko, Andrew Foster, munthu wakuda wosamva, adatsegula sukulu ku Accra m'dziko la Ghana mu 1957, ndipo pomwalira pa ngozi ya ndege ku Rwanda mu 1987 anali atakhazikitsa masukulu oposa 30 m'maiko a mu Africa.

Panalinso nthawi ya mdima. Mu 1880 msonkhano wa aphunzitsi a ana osamva ku Milan udagamula kuti kulankhula ndi pakamwa ndiyo njira yoyenera, ndipo manja achotsedwe m'kalasi. Pafupifupi nthumwi zonse zinali anthu akumva, ndipo ambiri anali ansembe ndi achipembedzo. Kwa zaka pafupifupi 100 ana m'masukulu ambiri ankalangidwa akapezeka akulankhula ndi manja, ndipo aphunzitsi osamva adachotsedwa ntchito. Chinenerocho chidapulumuka chifukwa ana ankachilankhula mobisa. Mu 2010 msonkhano wa mtundu womwewo, ku Vancouver, udakana poyera zigamulo za ku Milan.

Kuno ku Malawi, Mpingo wa Katolika ndiwo udayamba maphunziro a ana osamva. Abulazala a chipani cha FIC, chochokera ku Maastricht, adayamba ntchitoyi ku Nguludi m'boma la Chiradzulu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Kumeneko kuli sukulu ya Maryview, ndiponso koleji ya Montfort imene imasula aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera. Masukulu ena ndi a ku Mua m'boma la Dedza, Mountain View ku Thyolo, ndi Embangweni ku Mzimba ya mpingo wa CCAP. Anthu osamva ali ndi bungwe lawo la MANAD, ndipo Malawi ali ndi chinenero chake cha manja, chosiyana ndi cha maiko ena. Dziko lino lidavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo mu 2012 lidakhazikitsa lamulo loteteza anthu aulumali.

Zimene mbiriyi ikufunsa parishi

Malamulo alipo, masukulu alipo, koma malo ndi ochepa ndipo mtunda ndi wautali. Kwa banja la msodzi wa ku Makanjira kapena la mlimi wa ku Namwera, ulendo wa ku Nguludi kapena ku Mua si wapafupi. Mwana wosamva amatsala pakhomo, akutunga madzi kapena kuyanika usipa, pamene anzake ali ku sukulu ndi ku katekisimu. Akadwala satha kufotokozera adokotala pamene pakupweteka. Mtsikana wosamva akachitiridwa nkhanza, womulakwirayo amadalira kuti nkhaniyo siimveka ku polisi kapena ku bwalo. Lamulungu akalowa m'tchalitchi amaona milomo ikugwedera kwa maola awiri, nkutuluka osatolapo kanthu, ndipo akasiya kubwera palibe amafunsa.

Akuluakulu adati lungalunga mpobadwa, chilema chichita kudza. Ana ambiri osamva adabadwa akumva. Malungo aakulu, matenda oumitsa khosi, chikuku ndi mafinya a m'khutu osapatsidwa mankhwala ndi zina mwa zimene zimatseka makutu a ana. M'dera la m'mbali mwa nyanja ngati lino, kumene udzudzu susowa, kugona m'neti, kubayitsa katemera ndi kuthamangira ku chipatala mwana akatentha thupi kapena khutu likayamba kutuluka mafinya kungapulumutse makutu ake. Kusamva si tsoka lochokera kwa makolo, si ufiti, ndipo si chilango cha Mulungu.

Pa mwana amene ali kale wosamva, chitsanzo cha Bambo de l'Épée chikuonetsa poyambira. Iwo adayamba ndi ana awiri, m'nyumba, opanda satifiketi ya ntchitoyo. Mphakati uliwonse ungathe kudziwa anthu osamva amene ali m'dera lake, kuwayendera, ndi kufufuza ngati adabatizidwa, ngati amalandira Ukaristia, ndiponso ngati ana ali pa sukulu. Ana a anansi achisilamu ndi a mipingo ina asasiyidwe pa nkhani ya sukulu, pakuti wansembe uja sankasankha. Akatekisti ndi achinyamata angapo angathe kuphunzira chinenero cha manja, ndipo aphunzitsi abwino kwambiri ndi anthu osamva eni ake. M'tchalitchi, benchi yakutsogolo pamalo owala bwino, mawerengo olembedwa pa pepala ndi womasulira woima poonekera zingasinthe Misa yonse kwa mkhristu wosamva. Malamulo a Mpingo, pa ndime 990, saletsa munthu kulapa kudzera mwa womasulira, ndipo ndime 983 imamanga womasulirayo kusunga chinsinsi. Polankhula ndi munthu wosamva, kukuwa sikuthandiza; chothandiza ndi kumuyang'ana kumaso, kulankhula modekha, ndi kumutchula dzina lake m'malo momuitana kuti gonthi.

Mu Mthenga Wabwino wa Marko, mutu 7, anthu adabwera kwa Yesu ndi munthu wosamva ndi wovutika kulankhula, m'dera la kufupi ndi nyanja ya Galileya. Ambuye sadamulalikire ndi mawu ambiri. Adamutengera pambali, adagwira makutu ake ndi lilime lake, nayang'ana kumwamba. Zonsezi zinali zizindikiro zimene munthuyo akadatha kuziona ndi kuzimvetsa asanachire. Bambo de l'Épée sadatsegule khutu la mwana ngakhale mmodzi, ndipo ophunzira awo adakhala osamva moyo wawo wonse. Chimene adachita ndi kuphunzira chinenero cha anawo kuti adziwe Mulungu, adziwe kulemba, ndiponso athe kudziyankhira pamaso pa anthu.

Masiku atatu angathandize parishi kusaiwala abale ndi alongo amenewa: 24 Januwale, chikumbutso cha Francis de Sales Woyera, 23 Seputembala, tsiku la zinenero za manja pa dziko lonse, ndi 23 Disembala, tsiku limene Bambo de l'Épée adamwalira. Mzimu wawo uuse mu mtendere, ndipo Ambuye adzutse m'miphakati ya dayosizi ya Mangochi anthu ofuna kupitiriza ntchito imene iwo adayamba.